Kwa mayi a ku Mtandire amene mwana wawo amasiya anyamata m'mbuyo

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mtandire. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 2, pa liwiro la kusukulu amasiya ndi anyamata omwe, ndipo chionereni masewero a Region 5 pa bwalo la Bingu mu 2022, ali ku pulayimale, sakamba nkhani ina. Mayiwo akufunsa kuti mwana amafika bwanji pa mpikisano ngati umenewo, kapena angomuuza kuti asiye zothamangathamangazi, agwire makope.

Mayi, funso lanu landikhudza pachilonda, ndiye mundipirire, ndizungulira pang'ono.

Ine ndinali wothamanga mamita 400. Sekondale yathu inali yoyendera, kumudzi, m'boma lomwe lino la Lilongwe. Pothamangira pathu panali pa bwalo la mpira pomwepo. Nyengo ya liwiro ikafika, aphunzitsi a masewero ankatituma kukatapa phulusa m'nyumba za aphunzitsi, n'kumathira mizere mozungulira bwalo, iwo ali patsogolo kuyeza ndi mapazi. Pa kona ina panali chulu, choncho mzere unkachilambalala. Tisanayambe tinkayamba tatola minga ndi timiyala, poti tonse tinkathamanga chosavala nsapato. M'malo mwa mfuti ankaombanitsa matabwa awiri, ndipo kothera kunkaima ana awiri a Fomu 1 atagwira ulusi. Phokoso lake la atsikana akuimba m'mbali mwa bwalo, ng'oma ikulira, ndimalimvabe m'makutu ndikamadutsa pa sukulu iliyonse masana.

Ndinkapambana. Pasukulu ndinapambana, pa zoni ndinapambana, pa boma ndinali m'gulu la osankhidwa. Tinauzidwa kuti tidzapita ku mpikisano wa chigawo. Mayi anga anagulitsa mtedza wawo n'kundigulira kabudula ndi nsapato za pa kaunjika, kuti mwana wawo asakachite manyazi pakati pa a m'tauni. Tsiku linasunthidwa. Linasunthidwanso. Kenako nkhani inangozilala, popanda munthu wobwera kudzatiuza kuti zalephereka. Chaka chotsatira anali mayeso a Fomu 4, ndipo liwiro langa linathera pomwepo.

Ulendowo ndinaiwala kuudandaula. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti munthu akandifunsa kuti mamita 400 ndinkamaliza m'masekondi angati, ndimasowa chonena. Palibe anagwirapo wotchi. Ngakhale akanagwira, mzere wa phulusa wolambalala chulu uja unali mamita 400 enieni? Kaya ndinali katswiri, kaya ndinkangoposa anzanga a m'mudzi, palibe pepala lililonse padziko pano limene lingandiuze. Ndipo tili ambiri otere, mayi. Amene akupalasa kabaza pa msewu wanu wa ku Mtandirewo, ena mwa iwo anali ndi miyendo yoti bwenzi pano tikuwaonera pa kanema.

Masewero amene mwana wanu anaonawo ndinawaona nane. Kwa amene sanawatsate, Region 5 ndi mayiko khumi a kuno kummwera kwa Africa: Angola, Botswana, Eswatini, Lesotho, Malawi, Mozambique, Namibia, South Africa, Zambia ndi Zimbabwe. Ndi masewero a achinyamata osapitirira zaka 20, ndipo kale ankatchedwa a Zone 6. Anachitikira ku Gaborone mu 2018, ku Maseru mu 2021, kuno mu Disembala 2022, kenako ku Namibia mu 2025. Mumakhala kusambira, nkhonya, judo, netiboli, mpira ndi zina, koma ine miyendo inkangonditengera ku Area 48, kumene kunali othamanga.

Ndinakhala m'munsi, pafupi ndi poyambira mamita 100, ndipo maso anga anagwera pa kamtsikana ka dziko lina loyandikana nafe. Kanatenga chopondera chachitsulo chija amanyamukirapo, n'kuyeza ndi phazi lake kuchokera pa mzere: mapazi awiri chopondera chakutsogolo, atatu chakumbuyo. Kanachiponda ndi chidendene kuti chigwire pansi, kanagwada, kanayesa kunyamuka kamodzi, kanabwerera n'kusuntha pang'ono. Konseko sikanayang'ane kwa kochi ngakhale kamodzi. Manja ankangodziwa okha chochita. Cha kuseri, ku dzenje la mchenga, mnyamata wodumpha patali ankawerenga mapazi chobwerera kuchokera pa thabwa lodumphira, n'kumata katepi m'mbali kuti adziwe poyambira. Kochi wake anali chapafupi ndi ine, atagwira kope lakale lopindika m'makona, ndipo mnyamatayo akangodumpha iye ankalemba. Ndinasuzumira. Masamba ambirimbiri, madeti ndi manambala okhaokha, a miyezi yambuyo.

Kope limenelo ndinalisirira kuposa nsapato zawo zokongola zija.

Anthu amakonda kunena kuti vuto lathu ndi kusowa zipangizo. Pa nkhani ya liwiro kuno ku Lilongwe, mawu amenewo ine ndinasiya kuwavomera. Bwalo la Bingu linatsegulidwa mu 2017, ndipo pothamangira pake mpoyezedwa bwino, mamita 400 enieni. Inu mayi mumaliona muli pakhomo panu. Funso n'lakuti pa chaka ana a sukulu amapondapo kangati, wotchi ili m'manja mwa munthu wodziwa? Chizolowezi chathu n'chakuti mpikisano waukulu ukayandikira, timasonkhanitsa ana, kuwaika pa kampu masabata angapo, kuwaveka yunifolomu ya mbendera, n'kuwatumiza kukapikisana ndi anzawo amene akhala akuthamanga mipikisano chaka chonse. Kumeneko n'kubzala chimanga mu Febuluwale n'kumayembekezera kukolola pamodzi ndi amene anabzala ndi mvula yoyamba. Ana athu amathamanga ndi mtima wawo wonse, ndinawaona ndi maso angawa ndipo ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Akalephera, mlandu si wawo.

Taganizani zimene mwana wokulira pa bwalo la phulusa amakazipeza kumeneko. Chiyambire 2010, ukanyamuka mfuti isanalire watuluka basi, palibe zoti tiyambirenso. Pa mipikisano ikuluikulu makina amagwira ngakhale amene wakankha chopondera pasanathe 0.1 sekondi mfuti italira. Pa mamita 200 ndi 400 aliyense amayambira pakepake, wa mzere wakunja ali kutsogolo kwambiri, ndipo mwana wosazolowera amaganiza kuti wasiyidwa kale, n'kuthera mphamvu zonse pa kona yoyamba. Ukaponda mzere wamkati pa kona ungathe kuchotsedwa. Pa liwiro lopatsirana kamtengo la 4x100, kamtengoko kayenera kusintha manja mkati mwa mamita 30, onse awiri ali pa liwiro, wolandirayo osacheuka. Ana anayi aliwiro amene anakumana sabata yatha amagonja kwa anayi ocheperako liwiro amene akhala akupatsirana kwa chaka. Zonsezi n'zophunzira, ndipo siziphunziridwa pa kampu.

Botswana yonse anthu ake safika 3 miliyoni. Ife tinadutsa 20 miliyoni. Koma Letsile Tebogo anapambana mamita 100 pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa osapitirira zaka 20 ku Nairobi mu 2021, anabwerezanso ku Cali mu 2022, ndipo mu 2024 anatenga golide wa Olimpiki pa mamita 200 ku Paris, m'masekondi 19.46. Aneba athu a ku Zambia, amene timadya nawo nsima yofanana, ali ndi Muzala Samukonga, golide wa mamita 400 pa masewero a Commonwealth ku Birmingham mu 2022, kenako mendulo yachitatu ku Paris. Nanga magazi awo ndi ena? Ayi ndithu. Catherine Chikwakwa wathu anatenga siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse lapansi ku Grosseto, ku Italy, mu 2004. Asimenye Simwaka anafika mu fainolo ya mamita 400 ku Birmingham komweko mu 2022. Simwaka tinamudziwa kaye ndi mpira, liwiro analiyamba atakula kale, ndipo ine ndimadzifunsa kuti akanapezeka ali Fomu 2 ngati mwana wanuyu, akanafika pati. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Apa pali chinanso chimene chimandidya mumtima. Mwana waliwiro ku Malawi amathera ku mpira kapena ku netiboli, ndipo sindimudzudzula. Kumeneko kuli ligi, kuli timu, Loweruka lililonse kuli masewero. Mtsikana amene akuona kumene Tabitha ndi Temwa Chawinga afika, angasankhe bwanji masewero amene mpikisano wake umabwera kamodzi pa chaka, mwinanso osabwera? Tebogo nayenso anayamba ndi mpira, koma kwawo kunali njira ina yoti n'kulowera.

Ndiye tisaiwale kuti masewerowa si kuthamanga kokha. Kuli kuponya nthungo, kuponya chitsulo, kuponya chimbale, kudumpha patali, kudumpha m'mwamba, ndipo mendulo yake imawerengedwa chimodzimodzi ndi ya mamita 100. Pasukulu pathu panali mnyamata amene ankaponya mwala kuoloka dambo, ankagwetsa mango amene ena tonse tinkangowayang'ana. Nthungo yeniyeni ya mpikisano, ya magalamu 800 ya amuna kapena 600 ya akazi, sanaigwirepo moyo wake wonse. Chitsulo cha atsikana akuluakulu chimalemera makilogalamu 4 okha. Sukulu zingati zili nacho? Dzenje la mchenga silifuna ndalama za boma, limafuna makasu ndi ngolo ziwiri za mchenga wa kumtsinje. Tikamapita ku Region 5 tikungodalira othamanga mitunda italiitali, ndiye kuti mendulo zambiri tazipereka kwa anzathu tisananyamuke n'komwe. Ndipo kochi sachita kukhala munthu wa mbiri. Wayde van Niekerk wa ku South Africa, pamene ankaphwanya rekodi ya dziko lonse lapansi ya mamita 400 ku Rio mu 2016 ndi masekondi 43.03, kochi wake anali gogo wa zaka 74, Ans Botha. Aphunzitsi opuma pantchito amene ali m'makwalala mwathumu angathe kugwira wotchi ndi kope.

Za sukulu

Musamusankhitse pakati pa makope ndi liwiro, mayi. Mwana wa Fomu 2 safunika kuthamanga tsiku lonse. Ola limodzi madzulo, masiku atatu kapena anayi pa sabata, n'lokwanira. Ndipo satifiketi ya MSCE ndi imene imatsegula makomo amene liwiro lagogoda. Simwaka ndi msilikali wa MDF. Mayunivesite a ku America amene amaphunzitsa othamanga mwaulere amayang'ana zinthu ziwiri, magiredi ndi nthawi yovomerezeka. Mwendo umatha kuvulala tsiku limodzi. Choncho lamulo lapakhomo likhale lakuti magiredi akatsika, masewero ayamba aima. Koma kumuletseratu ayi. Mwana woletsedwa chimene amachikonda sasanduka wanzeru m'kalasi, amangofota.

Za chitetezo chake

Ichi ndichinena mosabisa mawu poti ndi mwana wamkazi. Kochi aliyense amene adzamutenge, mukamuone nokha, mudziwe kumene amakhala ndi ana ena amene amawaphunzitsa. Pa ulendo wogona pazikhala mphunzitsi wamkazi kapena mayi wina. Munthu wonena kuti mwana abwere yekha kuti amuthandize kusankhidwa, ameneyo muthaweni. Makochi abwino alipo ambiri, ndipo wabwino sakhumudwa kholo likamafunsa mafunso.

Chakudya musavutike nacho mtima, palibe zogula m'mabotolo zimene akufunika. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya m'mawa, nyemba, usipa, mazira akapezeka, masamba obiriwira ngati bonongwe. Atsikana othamanga amachepa magazi msanga, ndiye akayamba kutopa mosadziwika bwino, kapena msambo ukasiya kubwera, mupite naye kuchipatala. Asamathamange mitunda italiitali pa tala tsiku ndi tsiku, mafupa akadakula.

Tsono njira yake, mwachidule. Timu ya dziko imasankhidwa kudzera ku bungwe loyendetsa masewerowa la Athletics Malawi, ndipo ana ambiri amaonekera pa mipikisano ya MASSA, bungwe la masewero a m'sukulu, ndi ya Athletics Malawi yomweyo. Yambani ndi aphunzitsi a masewero pasukulu pake, muwauze kuti mukufuna mwana alembedwe pa mpikisano uliwonse umene ungabwere. Kenako pitani naye ku bwalo la Bingu mukafunse magulu amene amachita masewero olimbitsa thupi kumeneko. Kalata yake yakubadwa ya ku NRB ikhale yokonzeka ndipo deti lake lifanane ndi la kusukulu, poti awa ndi masewero oyendera zaka. Pasipoti muiyambe msanga, osadikira kuti dzina lituluke. Mumugulire kope, azilemba deti, malo, mtunda ndi nthawi, komanso ngati nthawiyo inagwidwa ndi wotchi ya pamanja kapena makina, chifukwa pa mitunda ifupiifupi ya pamanja imaoneka yofulumira ndi masekondi pafupifupi 0.24. Pakadali pano asadzimange pa mamita 100 okha; ayese 200, 400, 800 ndi kudumpha patali.

Mukapeza nthawi zake zoyamba pa bwalo loyezedwa, munditumizire pa imelo yomweyi, tidzaonere limodzi kuti mtunda wake ndi uti.