Makolo anu sanaonde, vuto ndi mapikiselo

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene vidiyo ya ukwati wa makolo anu, imene mwaikopera pa laputopu kuchoka pa DVD, ikuonetsera anthu oonda, nkhope zili zazitali. Vidiyoyo sinawonongeke ayi, ndipo DVD-yo muisunge bwino.

Kuno kwathu makamera ndi ma DVD a nthawi imeneyo ankayendera dongosolo la mavidiyo lotchedwa PAL. Chithunzi chilichonse chinkasungidwa ndi timadontho 720 chopingasa ndi 576 choimirira, timene timatchedwa mapikiselo. Mukagawa manambalawa mupeza 5:4, ndiko kuti magawo 5 chopingasa pa magawo 4 choimirira. Komatu ma TV akale amsana aja anali 4:3, apakhomawa ndi 16:9. Chinsinsi chake n'chakuti pikiselo ya pa DVD si yofanana mbali zonse. Mu diskimo muli chizindikiro chouza makina kuti atambasule chithunzi, chioneke ngati 768 ndi 576 ngati chinajambulidwa pa 4:3, kapena 1024 ndi 576 ngati ndi 16:9. Pokopera paja chizindikirocho chinatayika, ndiye laputopu ikungotenga pikiselo iliyonse ngati yofanana mbali zinayi. Anthu n'kufinyika.

Chitani chonchi. Tsegulani vidiyoyo ndi pulogalamu yoonerera mavidiyo yotchedwa VLC, muiimitse pamene pakuoneka chinthu chozungulira, monga tayala la galimoto ya akwati. Ngati likuoneka ngati dzira loimika, dinani batani la A pa kiyibodi. Nthawi iliyonse mukadina chithunzi chisintha. Yesani 4:3 ndi 16:9, pamene tayala lazungulira bwino ndiye pake. Mmene mwafotokozeramu ndikuganiza kuti yanu ndi 16:9, chifukwa ya 4:3 imafinyika pang'ono chabe.

Chimene chimandipweteka ine ndi ichi. Munthu amapita nayo kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni ku Limbe kapena mu Ndirande, n'kuwauza kuti aipange HD. Ena amangoikoka mpaka 1920 ndi 1080. Kukoka sikubweretsa zimene kamera sinajambule. Fayilo imangokula, bando n'kuthera potumiza. Ikakhala ya 4:3 ndiye anthu amasanduka afupiafupi onenepa. Mizere yakuda m'mbali mwa TV ilekeni, ndi yoyenera kukhalapo.

Musaidulenso kuti ikwane pa status ya 9:16, ankhoswe ndi aperekezi oima m'mbali atsala kunja. Potumizira abale pa WhatsApp muitumize ngati document, apo ayi imaphwanyidwa n'kufika ya mbuu.