Kwadi ikumagogoda ndikasintha giya, moto ndiziusiya kapena ayi?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Ine ndimagwira ntchito pa esiteti ina ku Thyolo kuno, ndiye abwana anagula njinga yamoto ya matayala anayi ija, kwadi, yoti tizizungulira nayo m'minda. Ilibe klatchi ya pamanja ngati za kabaza zija, giya ndimangosintha ndi phazi, koma ndikangosintha imagogoda kenako nkudumpha. Anzanga akuti ndisamasiye moto izima. Zoona ndi ziti?
Wowerenga, Thyolo

YANKHO: Achimwene, anzanuwo musawamvere chonde, akuphetsani giyabokosi. Siizima ayi. Klatchi ilimo kungoti ili mkati, imagwira yokha injini ikayamba kuthamanga, nchifukwa chake mumatha kuima muli mu giya injini nkumangolirabe bwinobwino. Honda zambiri za FourTrax zinapangidwa choncho.

Ndiye muzitere, chotsani kaye chala chachikulu pa kachitsulo ka moto kaja, kwezani giya ndi phazi mpaka mumve kuti yalowa, kenako bwezerani moto pang'onopang'ono osati kungokankha konse nthawi imodzi. Mukasintha chala chili pomwepo magiya amalumana injini ikukokabe mwamphamvu, kugogoda mukumvako ndi komweko, ndipo mukapitiriza giya iyamba kumatuluka yokha, mapuleti a klatchi nawo atha msanga, ndiye ma sipeya a kwadi kuno kuwapeza kwake mukudziwa nokha.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi zitunda za kwanuko. Mukalowetsa giya moto uli pamwamba pakati pa chitunda, kutsogolo kumadzuka, ndipo chinthu cholemera makilo oposa 200 chikagudubuzika chagada chimagwera inuyo pachifuwa. Sankhani giya yaing'ono musanayambe kukwera, mukwere nayo yomweyo mpaka pamwamba, thupi mutaweramira kutsogolo. Potsitsa giya yambani mwachepetsa liwiro ndi mabuleki, apo ayi matayala akumbuyo akhukhuluzika makamaka mvula ikagwa pa dothi lofiira lija. Helimeti osaiwala, ngakhale mukungopita pafupi.

Ena amene muli ndi kwadi zosintha giya zokha, zoyendera lamba wa mkati, ngati Polaris kapena Yamaha Grizzly nkhani yake ndi ina. Zimenezo imani kaye nji, moto musiyiretu, ndiye musunthe chitsulo kupita ku H (giya yothamangira), L (giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono) kapena rivesi. Pokoka ngolo kapena m'matope ikani L, mukakakamira H lamba apsa.