Magalasi a R50 a pa renki: kuda kwake musakukhulupirire

Achimwene, mwafunsa ngati magalasi akuda a R50 omwe mumagula pa renki ya matakisi ya Bree ku Johannesburg angakutetezeni maso, poti ulonda wanu ndi wa pageti, dzuwa lonse limathera pa inu.

Kuda kwa galasi ndi chitetezo n'zosiyana. Chomwe chimawononga maso ndi cheza cha dzuwa chotchedwa UV, chomwe sitichiona n'komwe. Mukavala galasi lakuda bii koma losatchinga UV, mwana wa diso amakula chifukwa akuona ngati kwada, ndiye chezacho chimalowa chambiri kuposa mukanangokhala osavala. Choncho pogula muziyang'ana polembedwa UV400, kutanthauza kuti limatchinga cheza chonse cha UV, mitundu yake ya UVA ndi UVB yomwe. Vuto n'lakuti kasitika aliyense atha kumata. Ine ndimatenga anga kupita nawo kwa oyeza maso, ambiri ali ndi kamakina koyezera UV, mphindi imodzi basi mwadziwa. Ena otchipa amapambana mayesowo, ena odula amalephera, musamangoona mtengo.

Dzuwa la kuno musalipeputse. Johannesburg ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo UV imawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse okwera. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale mlingo wake (UV index) umadutsa 11 masana, pomwe ndi poopsa kwambiri, ndipo mitambo yopyapyala siitchinga kwenikweni. Ngakhale mu Juni mukunjenjemera mu jekete, thambo la kuno limakhala loyera mbee. Zotsatira zake zimabwera mwakachetechete: ng'ala, komanso kanyama kamene kamamera pakona ya diso n'kumakwawira chapakati. Malume anga ankagwira ntchito yomanga zaka zambiri, kanyamako anachita kukachotsedwa ku opaleshoni.

Pa ntchito yanuyo sankhani a category 3 (nambalayi imaonetsa kuda kwa galasi), okuta mpaka m'mbali, chifukwa cheza chimalowera chammbali. Category 4 ndi akuda kwambiri, osayendetsera galimoto. Olembedwa kuti polarized amachepetsa kuthobwa kwa m'maso kochokera pa tala ndi pa magalimoto, koma mawuwo paokha sakutanthauza kuti UV yatchingidwa. Ngati ndalama zavuta, pitani ku hadiweya mukagule magalasi otetezera pa ntchito a polycarbonate, pulasitiki imeneyo imatchinga UV payokha ngakhale ikhale yoyera. Kutchena kokha ndiye iwalani! Onjezerani chipewa cha mlomo waukulu, kepisi imasiya m'mbali poyera.

Inu owotcherera amene mukuwerenga, magalasi a dzuwa si helumeti, usiku mudzamva ngati mwathiridwa mchenga m'maso.

Ndipo achimwene, ngati kanyamako kayamba kale kapena mukuona ngati pali nkhungu, yambirani ku kiliniki akupatseni kalata yopita ku St John Eye Hospital, ku Baragwanath ku Soweto.