Kwa achemwali amene afunsa za chikwama cha ngozi komanso tulo tosabwera

Achemwali pepani kwambiri ndi zomwe zakuonekeranizo. Mwati galimoto yomwe munakwera inagubuduzika masabata awiri apitawa, munatuluka ndi timabala tokha koma chichokereni tsikulo tulo palibe, ndie mukufuna kudziwa zoika mchikwama kuti ngozi ina iliyonse, kaya ya madzi osefukira kaya moto kaya ya pamsewu, isadzakupezeninso chimanjamanja. Zachikwamazo ndiyankha, koma ndiyambe kaye ndi inuyo chifukwa nanenso zinandionekerapo.

Kodi kuchipatala munapita? Simunanene ndie zandidetsa nkhawa. Munthu ukangochita ngozi thupi limatulutsa adrenaline, timadzi tomwe timakupatsa mphamvu pa zoopsa, ululu sumveka bwinobwino, umayenda, umalankhula, mpaka kumathandiza anzako. Ine ndinali kutolera nsapato za anthu pamsewu nkumauza aliyense kuti ndili bhobho, mmawa mwake khosi linauma gwa, kulephera ngakhale kucheuka kuti ndione amene walowa pakhomo. Madokotala amati whiplash, mutu ukakankhika kutsogolo nkubwerera kumbuyo mwadzidzidzi minofu ya mkhosi imavulala, ndipo ululu wake umatha kuyamba patapita maola ambiri kapena tsiku lathunthu. Koma zomwe simuyenera kugona nazo ndi mutu womwe ukungokulirakulira, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kusokonezeka kapena kuiwalaiwala, dzanzi mmanja ndi mmiyendo, komanso mmimba kuwawa pomwe panadutsa lamba. Magazi amatha kumatayikira mkati mwakachetechete, ndipo a mmutu pena amadzaonekera patatha masabata, makamaka kwa achikulire. Ngati sanakuyezeni pitani mawa lomweli chonde, muwauze kuti munachita ngozi.

Tsopano za tulo. Simukupenga ayi. Masabata oyambirira anthu ambiri amalota ngoziyo, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, mtima umathamanga akangomva mabuleki kulira. Ineyo chomwe chinandisautsa ndi fungo la petulo, ndikangolimva ndinkaona galasi lija likusweka timibulu tingʼonotingʼono pamiyendo panga, ndipo ndikakwera galimoto phazi langa linkaponda pansi mwamphamvu ngati pali buleki pomwe ndakhala kumbuyo. Kwa ambiri zimenezi zimachepa zokha pangʼonopangʼono. Zikapitirira mwezi umodzi zisakusintha, kapena zikukulepheretsani ntchito, kudya, kusamala ana, pamenepo ikhoza kukhala PTSD, nthenda ya maganizo yobwera munthu akakumana ndi zoopsa, ndipo imachizika, alipo aphungu ndi madokotala a zamaganizo omwe ntchito yawo ndi yomweyi. Mukayamba kuganiza zodzivulaza musadikire mweziwo, uzani munthu tsiku lomwelo.

Mowa kapena mapilisi ogonetsa opatsidwa ndi mnzanu musayerekeze, amangokwirira vuto. Komanso musathawiretu galimoto, mantha akamathawidwa amakula. Ine ndinayamba ndi kukhala mgalimoto yoima kwa mphindi 10 ndi mchimwene wanga, osalankhula zambiri, kenako kaulendo kakafupi masana, kenako kotalikirapo. Zinanditengera nthawi ndithu koma zinatheka. Pezani munthu mmodzi yemwe amatha kumvetsera osakudulani ndi mawu oti "bola muli moyo". Mawuwo ndi oona koma amatseka pakamwa.

Chikwama konzani, chimathandiza, ndipo kuchikonza kumabwezako kamtima mmalo. Koma chikhale choti mutha kuchinyamula ndi dzanja limodzi kwinaku mwagwira mwana, chifukwa munthu wamantha amafuna kulongedza nyumba yonse. Muziganiza za masiku atatu, maola 72, nthawi yomwe thandizo likhoza kuchedwa kufika.

Madzi ndiwo oyamba. Werengerani malita pafupifupi 4 pa munthu patsiku, ndie banja la anthu 5 ndi malita 60 pamasiku atatuwo, amenewo sangalowe mchikwama, sungani mzigubu zotseka bwino mnyumba, mchikwama muike mabotolo awiri ndi mankhwala a klorini otsukira madzi. Akasowa, witsani madziwo abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Madzi akasefukira zimbudzi zimasakanikirana ndi zitsime, matenda otsegula mmimba amabwera msanga, ndie mapaketi a ORS asasowe. Mukapanda kuwapeza, sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, masipuni angʼonoangʼono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaingʼono ya mchere.

Chomwe ambiri amaiwala ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, a mphumu, ma ARV, a khunyu. Ikani okwana sabata imodzi pamodzi ndi kapepala kolemba maina ake. Mapepala ofunika monga chiphaso, za kuchipatala, za sukulu, za malo, pangani fotokope nkuwakulunga mpulasitiki yomanga bwino, muwajambulenso pafoni. Manambala a abale lembani papepala ndi bolopeni, foni ikasweka kapena batire likatha mudzazindikira kuti pamtima mulibe nambala ngakhale imodzi, ine zinandichitikira pambali pa msewu, munthu wachifundo wandipatsa foni yake ine ndangoigwira misozi ili chuchuchu.

Zinazo ndi tochi ndi mabatire apadera, kawailesi, power bank ndi chaja, wezulo yoitanira anthu, machesi, sopo, bulangete lopepuka, zovala zosinthira, mapadi, za mwana ngati alipo, chakudya chosafuna kuphika komanso ndalama pangʼono zapamanja poti netiweki ikagwa za pafoni sizituluka. Chikwamacho chiikeni pafupi ndi khomo aliyense adziwe, mugwirizanenso malo okakumana mukabalalika. Miyezi 6 iliyonse tsegulani muone zomwe zatha mphamvu. Ndipo madzi othamanga musawoloke, akuya masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, a 30 amatha kukokolola galimoto yaingʼono.

Mgalimoto mukhale triangle yoika pamsewu pochenjeza madalaivala ena, jekete yowala usiku, tochi, madzi ndi kabokosi ka first aid komwe muli magolovesi, mabandeji ambiri ndi sizasi. Pangozi, munthu akutaya magazi dinikizani pabalapo mwamphamvu ndi nsalu yoyera osachotsachotsa kuti muone. Wodandaula khosi kapena msana musamukoke pokhapokha pali moto kapena galimoto zina zingamugunde, ndipo wovulala kwambiri musammwetse madzi ngakhale apemphe bwanji.

Mapepala a ngozi yanuyi, lipoti la apolisi, za kuchipatala, zithunzi, sungani pamodzi chifukwa a inshuwalansi adzazifuna, koma ngati kuziona kukukubwezerani patsiku lija mpatseni mʼbale wanu aziyendetsa ndi iyeyo. Ndie mundiyankhe pansipa achemwali, kuchipatala munapita? Nanga usiku mukadzidzimuka pali wina pafupi nanu?