Za kabuku ka mfuti zakale kaja mwafunsa, achimwene

Eee achimwene ndamva funso lanu, loti kabuku kakale kaja ndinaponya chithunzi chake pagulupu pano nka chani, komanso azunguwa amasungiranji mfuti zoti zinapha anthu. Ndingoyankha pakamwa, kutaipa kundichedwetsa.

Kamene kaja ndi katalogu wa myuziyamu ina inali ku Whitehall konkuno ku London, ya Royal United Service Institution, bungwe la asilikali loyamba mu 1831 mothandizidwa ndi Duke of Wellington, mkulu wa asilikali a ku Britain. Kuyambira 1895 katundu wawo ankamuonetsa mu Banqueting House mpaka anadzatseka mu 1962. Ndiye chinthu chilichonse chinali ndi nambala, iwe uone nambalayo kenako uisake m'bukumo, pamenepo akuuza kuti ili ndi lupanga la uje, linachokera ku nkhondo yakuti, anapereka ndi a Colonel uje, basi timizere tiwiri titatu kwatha. Munali mpaka mafupa a hatchi ya Napoleon, dzina lake Marengo, inde mafupa a hatchi achimwene musaseke, panopa ali ku National Army Museum ku Chelsea anthu amakawaonabe.

Imperial War Museum ija ndinapitako ndi ana ndi ya pambuyo. Anaiyambitsa mu 1917 nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, anyamata akufabe ku France uku ena ayamba kale kutolera zoti akaonetse, tangoganizani. Inatsegulidwa mu 1920 ku Crystal Palace, kenako mu 1936 anaisamutsira ku Lambeth m'nyumba yomwe kale inali chipatala cha odwala misala, Bethlem, zimenezo ndiye sindiyankhapo kanthu. Muli mfuti ya pa sitima ya HMS Chester pomwe mnyamata wa zaka 16, Jack Cornwell, anavulazidwira pa nkhondo ya Jutland mu 1916 koma osachoka pamalo pake mpaka kuomberana kunatha, nkudzamwalirira kuchipatala patapita masiku awiri, ndiye ukaima pafupi nayo nkuganiza kuti ameneyu ndi msinkhu wa mwana wa Fomu 2, thupi limachita tsembwe. Kusunga kwake nkumeneko, chitsulocho chimagwira dzina la munthu.

Koma chimene chimandinyong'onya ine ndi timabuku timeneti nchoti timatsata katundu, amene analibe katundu mulibemo. Ofesala anasiya lupanga, mendulo, yunifolomu, abale ake nkukapereka. Nanga atengatenga a kwathu aja, ankasenza chimanga ndi zipolopolo pamutu kulondola asilikali a King's African Rifles (KAR) pothamangitsana ndi von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a ma German ku East Africa, mpaka 1918, ambiri nkufera m'njira ndi njala komanso matenda, akanasiya chani choti achiike pagalasi nkuchipatsa nambala? Nkhata?

Ndipotu zoterezi nkwathu komwe ziliko achimwene, simufunika viza. Ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi ija pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya ma German, Hermann von Wissmann, ku Sphinxhaven komwe pano amati Liuli, mbali ya Tanzania, nkhondo itangoyamba kumene. Ku Zomba nako kuli nsanja ya chikumbutso cha asilikali a KAR. Mukamapita kunyanja pa holide ino taimani pa Mangochi pamenepo ana aione, mundijambulireko ndi zolembedwa pamenepo zioneke bwino, osati zithunzi zanu zogwedera zija.