Phiri si la azungu okha, koma musathamangire ku Kilimanjaro

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo yochokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Monkey Bay. Akuti akhala akusunga ndalama kwa zaka ziwiri kuti akakwere phiri la Kilimanjaro, koma abale awo akuwanyoza kuti akufuna kumwaza ndalama pa zinthu za azungu, ndiye akufunsa ngati apitirize kapena angosiya. Mayi, ndachedwa kukuyankhani chifukwa mawu amene abale anu akukunenaniwo ndi omwe aja anandiuza malume anga tsiku limene ndinawatsanzika kuti ndikupita ku Mulanje, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwawa.

Ine ndinakulira kumtunda, cha ku Namwera, kumene msewu wochokera kuboma la Mangochi umakwera mokhotakhota ukangodutsa mlatho wa pa Shire. Kwathuko phiri linali kopita tsiku ndi tsiku: kokatola nkhuni, kokazula bowa m'dzinja, kokatola masuku. Ndinali ndi zaka 10 pamene agogo anga aakazi ananditenga ulendo wa kunkhuni wotalikirapo kuposa wa masiku onse. Tinanyamuka tambala atangolira, iwo chikwanje m'manja, nkhata atayikoloweka pamkono. Titamanga mitolo yathu, m'malo motsika anandilondolera pathanthwe lina lapamwamba, natula mtolo wawo, n'kukhala pansi osayankhula kanthu. Kumunsi kunkaoneka nyanja ya Malombe, ndipo mtsinje wa Shire unkanyezimira ngati ulusi wochokera kunyanja yaikulu. Agogowo sanapiteko kusukulu, sanaonepo chithunzi cha phiri lililonse lakunja, koma anataya nthawi yawo ya ntchito kuti aone kukongola kwa dziko ali pamwamba, ndi kuti mdzukulu wawo aonenso. Choncho munthu akandiuza kuti Mmalawi alibe nazo ntchito zoterezi, ndimadziwa kuti sakunena zoona.

M'mapiri omwewo muli mabwinja a Fort Mangochi, linga limene Angerezi anamanga atagonjetsa mfumu Jalasi m'chaka cha 1895. Makolo athu ankakhala pamwamba pamenepo, kulima ndi kudziteteza, kalekale mlendo aliyense asanabwere ndi nsapato zokwerera mapiri. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ana ambiri a m'boma lino amaliza sukulu osafikako, pamene mitengo yozungulira ikutha ndi makala.

Ulendo wanga woyamba wa ku Mulanje ndinaupanga mwezi wa June, ndipo ndinalakwitsa kwambiri. Munthu wozolowera kutentha kwa ku Mangochi amaganiza kuti juzi imodzi ndi yokwanira kulikonse. Tinayambira pa Likhubula, tinagona m'nyumba ya alendo ya pa Chambe, ndipo tsiku lachiwiri tinafika pa Chisepo, pamene anthu ambiri amanyamukira popita pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 yomwe ndi yaitali kuposa zonse m'Malawi muno. M'mawa mwake tili pakati pa miyala, chiperoni chinatigwera mwadzidzidzi, moti mnzanga amene anali mapazi ochepa patsogolo panga sindinkamuonanso. Bambo amene ankatilondolera anaima n'kunena kuti tibwerere. Ine ndinakangana nawo, ndinawauza kuti ndalipira ndalama zanga ndipo ndachokera kutali. Anandiyang'ana n'kunena modekha kuti, "Achimwene, phirili lidzakhalapo mawa, inu ndi amene simudzakhalapo mukapitirira." Titabwerera m'nyumba muja zala zanga zinali zitauma, sindinkatha ngakhale kumasula zingwe za nsapato. Bambo aja anagwada n'kundimasulira, anandifunditsa bulangete lawo, n'kukoleza moto wa tiyi. Tsiku lotsatira kunacha bwino ndipo anatifikitsa pamwamba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinatsala pang'ono kulidya.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga pa nkhaniyi anauma, ndipo sindiwabisa. Mapiri otchuka a padziko lapansi amakwereka chifukwa cha anthu a m'midzi yozungulira, amene amasenza katundu ndi kudziwa njira, koma amene amatchuka ndi mlendo amene wajambulitsa pamwamba. Pamene Edmund Hillary anafika pansonga ya Everest pa 29 May 1953, anali limodzi ndi Tenzing Norgay, munthu wa kumapiri komweko, ndipo lero amene amayenda wapansi kuchokera ku tawuni ya Lukla kupita kumsasa wa m'munsi mwa phirilo, pa mamita 5,364, katundu wawo amakhala pamsana pa anthu a ku Nepal. Ku Peru, panjira ya Inca Trail yopita kumabwinja a Machu Picchu, boma limalola anthu 500 okha kuyamba ulendo patsiku, ndipo oposa theka la amenewa ndi onyamula katundu, ophika ndi olondolera. Kwathu kuno aliyense amene anaonerapo mpikisano wa Porters Race ku Mulanje amadziwa kuti anyamata ndi atsikana a kumeneko amathamanga m'maola ochepa mtunda umene ife timaukwawa tsiku lathunthu. Tsono phiri likhale bwanji la azungu, pamene msana umene ukusenza ndi wathu? Chimene tinamanidwa ndi mwayi wokwera opanda mtolo pamutu, ndipo mphunzitsi amene wasunga ndalama za thukuta lake kuti apeze mwayi umenewo sayenera kuchita manyazi pamaso pa wina aliyense. Koma ndikunenetsanso kuti Mmalawi amene amafinya wonyamula katundu pamtengo, kapena kumusenzetsa chikwama cholemera kenako n'kudya yekha osamugawira, ndi woipa kuposa mlendo, chifukwa iye amadziwa bwino mmene mtolo umawawira.

Za Kilimanjaro yeniyeniyo

Nsonga yake, Uhuru Peak, ili pa mamita 5,895, kutanthauza kuti Sapitwa ndi theka chabe. Vuto lalikulu kumeneko si miyendo koma mpweya, chifukwa pamwambapo munthu akapuma kamodzi amakoka pafupifupi theka la mpweya umene angakoke m'mbali mwa nyanja yamchere. Matenda a pamwamba amatha kuyamba munthu akapitirira mamita 2,500: mutu kuwawa, mseru, kusowa tulo, ndipo sasankha wamphamvu kapena wofooka. Ife okhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi tili pansi pa mamita 500, choncho thupi lathu limafuna nthawi yokwanira kuti lizolowere. N'chifukwa chake olondolera a ku Tanzania sasiya kunena kuti "pole pole", ndiko kuti pang'onopang'ono.

Ndiye mayi, pitani, koma osati chaka chino. Yambani ndi mapiri a ku Cape Maclear amene muli nawo pafupi, m'mawa dzuwa lisanatenthe, kenako Zomba, kenako mukagone masiku atatu pa Mulanje pakati pa May ndi October, mutanyamula jekete yokhuthala ndi nsapato zimene mwaziyendera kale. Mukatsika pa Sapitwa mtima ukufunabe, konzani ulendo wa ku Moshi, tawuni ya m'munsi mwa Kilimanjaro ku Tanzania, kudzera pachipata cha Songwe ku Karonga. Malamulo a kumeneko salola kukwera popanda wolondolera wovomerezeka, ndipo posankha njira tengani ya masiku 7 kapena 8 monga Machame kapena Lemosho, osati ya masiku 5, ngakhale ikuoneka yotchipa. Musanalipire, funsani kampaniyo kuti onyamula katundu imawapatsa ndalama zingati ndiponso kuti amagona pati.