Kodi nkhani yogwiririra tiikhulupirire ikangotuluka m'nyuzipepala?

Mwafunsa ngati nkhani yogwiririra ndi yodalirika pamene wodandaula wakhala zaka zambiri osaulula. Kuchedwako pakokha si umboni wa bodza, pakuti ambiri amakhala chete poopa manyazi, kuchotsedwa ntchito kapena kunenedwa kuti anaziputa okha. Chofunika kuyang'anitsitsa ndi ntchito imene mtolankhani wagwira.

Mu Novembala 2014 magazini ya ku America ya Rolling Stone inasindikiza nkhani ya mtsikana wa pa University of Virginia amene anati anagwiriridwa, osalankhula ndi anzake atatu amene iye anati anawafotokozera usiku womwewo, ndipo mu Epulo 2015 inavomera kulakwitsa n'kuibweza nkhaniyo, zomwe zinapatsa mphamvu anthu okonda kukayikira aliyense wodandaula. Koma pamene atolankhani Jodi Kantor ndi Megan Twohey a nyuzipepala ya New York Times ankalemba mu Okutobala 2017 za Harvey Weinstein, mkulu wopanga mafilimu ku America amene ankanenedwa kuti ankazunza amayi pa nkhani zogonana, anali ndi amayi olola kutchulidwa mayina, umboni wa mapangano olipira odandaula mwachinsinsi, komanso yankho la Weinstein mwini wake. Ine nkhani yosasonyeza kuti woganiziridwayo anafunsidwa mbali yake ndimayamba ndaiika padera, ngakhale ifale chotani pa Facebook.